Anatentha Mbalame Alendo Asanafike

Panali mphunzitsi wina wa masamu m'tauni ina kuno kwathu, munthu wokonda kupinda mapepala. Sanali masewera ayi. Pepala limodzi, osadula, osamata, ankalipinda mpaka lisanduke mbalame, chule kapena kabokosi, ndipo ana ankamvetsa masamu poona mapindidwewo. Mapepala abwino analibe. Ankatola nyuzipepala zakale ndi matumba a simenti. Zopinda zake ndi za ana zinadzaza kudenga la kalasi, zikulendewera pa ulusi.

Anamva kuti kuli msonkhano waukulu wa anthu a luso limeneli ochokera m'maiko ambiri, asayansi, opanga makina ndi aphunzitsi, ndipo umachitika mwa apo ndi apo, ulendo uno dziko ili, ulendo wina dziko lina. Iyeyo ndege anali asanakwerepo, ndipo maso anali atayamba kuchita nkhungu. Ankalakalaka chinthu chimodzi chokha: akhale pafupi ndi katswiri weniweni, aone zala zake zikupinda, maso asanatheretu. Kupita sakanatha. Ndiye anapempha kuti msonkhanowo ubwere kwawo, ndipo eni ake anayankha kuti atuma anthu awiri adzaone ngati malowo akuyenera.

Mukudziwa mmene timachitira kukamabwera alendo. Miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu, mitengo nayo laimu mpaka m'chiuno. Amayi ogulitsa tomato anathamangitsidwa. Mkulu wa komiti yokonzekera atalowa m'kalasi muja anayang'ana kudenga nati, "Aphunzitsi, anthu akunja adzaone zinyalala izi? Mbalame ya thumba la simenti? Mwafuna atiseke mpaka kwawo."

Palibe anamugwira dzanja mphunzitsiyo. Anayang'ana yekha, naona zilembo za simenti pamapiko, manyazi nkumugwira nayenso. Anazitsitsa zonse, nakazitentha kudzala pamodzi ndi masamba.

Alendo anafika, mayi ndi bambo. Anawavinira, anawadyetsa, anawaonetsa holo ndi mahotela, akuluakulu nkumalankhula mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza mayiyo anapempha kuona kalasi. Anafunsa mofatsa kuti zopinda za ana zili kuti, pakuti iwo posankha malo sayang'ana holo, amayang'ana ngati pali anthu amene lusolo lidzatsale nawo msonkhano ukatha. Kalasi inali mbee, ikununkhira polishi. Mphunzitsi anafuna apinde kanthu pomwepo, koma m'chipinda monsemo munalibe kapepala nkamodzi komwe, ndipo galimoto ya alendowo inali italira kale panja. Anangoti ana ake amapinda bwino kwabasi. Mayiyo anavomera mwaulemu, ngati munthu amene wamva mawu otere m'maiko ambiri.

Msonkhano unapita kwina.

Mphunzitsi uja akupindabe mpaka lero, koma mofufuza ndi zala. Galimoto yachilendo ikaima pachipata cha sukulu, amasiya pepala lili theka, nkufunsa ana kuti watsikamo ndani.

Tsono inu a makomiti, ndi inu amene mumangoti inde bwana komiti ikalankhula, tamverani. Mlendo sayenda mtunda wonsewo kudzaona zimene wasiya kwawo. Musanabise chanu chifukwa cha manyazi, mufunseni kaye kuti wadzera chiyani.