Batire lachitatu la a Lufeyo

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Wa lerowu kwawo ndi kumapiri a ku Ntchisi, pakhomo pa mayi wina dzina lake Feliya.

Feliya ndiye ankasunga makina ofungatira mazira a gulu la amayi khumi a m'mudzimo. Makinawo ankayendera magetsi a dzuwa: mapanelo awiri padenga, mabatire awiri atsopano pansi pa tebulo. Dzuwa likalowa, mabatirewo ankatenthetsa mazira mpaka kucha. Nyengo yozizira itayandikira, amuna ake a Feliya, a Lufeyo, anabwera ndi batire lakale la galimoto n'kulilumikiza kwa awiri aja. Ankati atatu aposa awiri.

Mwezi wa Juni m'makinamo munali mazira zana limodzi ndi makumi awiri. Kutatsala masiku anayi kuti aswe, magetsi anayamba kuthima tambala woyamba asanalire. Feliya ankadzambatuka n'kufunditsa makinawo mabulangete, n'kuika mabotolo a madzi otentha m'mbali. Ankadziwa kuti mwanapiye akazizidwa m'dzira amafera momwemo, ndipo mayi aliyense wa m'gululo anali ataikamo mazira a nkhuku zake.

Kutacha Feliya anakwera padenga n'kupukuta fumbi pamapanelo. Anamangitsa mawaya onse, n'kupala zoyera zimene zinaundana pamitu ya mabatire. Anachotsa mababu ndi wailesi, banja n'kubwerera ku koloboyi. Koma tsiku lotsatira magetsi anathima msanga kuposa dzulo lake, ndipo m'nyumbamo munayamba kumveka fungo la dzira loola. Feliya mtima unamusweka, poganiza kuti anapiye ayamba kufa.

Pakhomopo pankakhalanso Esinta, mlongo wa a Lufeyo, amene anabwera amuna ake atamwalira. Iye ankagulitsa nsomba zaziwisi pamsika wa pamsewu. Feliya, tulo titamusowa masiku awiri, anayamba kumuyang'ana ndi diso lina. Madzulo a tsiku lachitatu, mitambo itaphimba mapiri, anamuimitsa pakhonde.

"Alamu, tandiuzani zoona. Ife tikagona, simutchaja mafoni a anzanu akumsika pamagetsiwa?"

"Ngakhale yanga yomwe ndimatchajira kumsika," anayankha Esinta.

"Nanga moto ukupita kuti? Mazirawa akafa, ndidzawauza chiyani eni ake? Kapena ndi bwino mukayambe mwakhala kwina."

Esinta analowa m'nyumba kukamanga katundu wake. Koma atafika pafupi ndi tebulo anaima, n'kununkhiza monga ankachitira pa dengu la nsomba.

"Alamu, fungoli silikuchokera m'makina ayi. Likuchokera pansi."

Anagwada n'kukhudza mabatire limodzilimodzi. Awiri atsopano aja anali ozizira. Lakale lija linali lofunda ngati mwana wodwala malungo, ndipo m'mbali mwake munali mutatupa.

"Ili lafa," anatero Esinta, "ndipo likumwa mphamvu ya anzake. Lichotseni."

A Lufeyo, amene anamva zonse ali pakhomo, analowa nkhope ili gwaa. "Mlongo, iwe udziwa za nsomba, za magetsi uzisiye. Atatu akulephera, ndiye awiri atha bwanji? Mukalichotsa, mazira onse afa lero lomwe."

"Achimwene, ine m'dengu ndikapeza imodzi yoola sindiwerenga kuti zatsala zingati. Ndimaitaya msanga. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola."

Feliya anayang'ana amuna ake, anayang'ana mlamu wake amene anali atangomuthamangitsa, kenako anasuzumira panja. Dzuwa linali litapendeka, likungotulukira mwa apo ndi apo m'mitambo. Akalakwitsa, panalibenso tsiku lina lokonzera. Anatsegula mawindo kuti fungo lituluke, anathimitsa magetsi onse, n'kutenga sipanala. Anamasula mawaya a batire lakale lija, ndipo iye ndi Esinta analinyamula kukalisiya panja. A Lufeyo anatuluka.

Usiku umenewo Feliya sanagone. Tambala woyamba analira, kanyali kosonyeza kuti makina ali ndi magetsi kakuyakabe. Wachiwiri analira. Kanyaliko kanathima kum'mawa kutayera kale, ndipo posakhalitsa dzuwa linagunda mapanelo. Patapita tsiku, mazira anayamba kuswa. Anaswa makumi asanu ndi atatu. Enawo anali atazizidwa kale.

Feliya anagwada pamaso pa mlamu wake n'kupepesa, ndipo Esinta anamasula katundu wake. Katswiri wa magetsi atabwera kuchokera kuboma anayeza mabatire awiri aja, n'kupeza kuti limodzi linali litafooka ndithu chifukwa chokokedwa ndi lakufa lija. A Lufeyo anangoweramitsa mutu.

Amayi a gulu lija atamva nkhaniyi anatola mawu a Esinta, ndipo mpaka lero timati, "Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola." Tanthauzo lake ndi lakuti choipa chimodzi chikakhala pakati pa zabwino sichichira chifukwa cha zinzakezo, koma chimaziononga. Choncho pagulu pakavuta, musathamangire kuloza chala munthu amene ali pafupi. Fufuzani modekha mpaka mupeze chimene chaoladi, ndipo mukachipeza, chichotseni msanga chisanapatsire zinzake.