Nsato m'Nyumba ya Kachewere

Pakhomo pa amayi Benedita, kumtunda kwa Fonte Boa, munthu ankapadziwa ndi fungo asadapaone. Chimwalirire amuna awo, mayiwa ankaphika pau, buledi wa kwathu kuno, wogulitsa m'fornu, uvuni ya njerwa imene idamangidwa mogundana ndi kachipinda kosungiramo ufa wa tirigu. Moto ukazima masana, khoma la kachipindako linkakhalabe lofunda mpaka m'mawa mwake. Ogula ankabwera ena panjinga, ena wapansi, ndipo aliyense ankachoka ndi pau wake pamodzi ndi malangizo amene sadapemphe, pakuti amayi Benedita sankasunga mawu m'masaya.

Mwana wawo Hélio adali atangobwera kumene kuchokera ku Joni. Kumeneko ankagwira ntchito kwa munthu woweta nsato zazing'ono zimene anthu a m'mizinda amagula n'kumasunga m'nyumba monga momwe ena amasungira nkhunda. Si nsato zathu zija zomeza mbuzi ayi. Izi kutalika kwake sikuposa ndodo ya nkhalamba, zilibe ululu, ndipo zikachita mantha zimadzikulunga ngati nkhata, mutu n'kuubisa m'kati. Hélio adabwera ndi ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, m'makaisha, mabokosi apulasitiki obowola timabowo. Thukuta lake lonse la ku Joni lidali m'makaisha awiriwo. Cholinga chake chidali choti ziswane, ana azikagulitsa ku Tete ndi ku Maputo. Kufa kwa imodzi kukadakhala kutha kwa ulimi wonsewo, pakuti njoka imodzi siiswa.

Ntchitoyo ankaidziwa bwino. Chimene chidamukanika ndi kuitchula. Kwathu kuno munthu wosunga njoka pakhomo ali ndi dzina lake. Amati adakhwima, njokayo imamulavulira chuma, ndipo mwana akadwala m'mudzi zala zonse zimaloza kwa iye. Tsono Hélio adatenga makaisha aja n'kukawaika m'nyumba ya kachewere imene malemu bambo ake adaimanga pamthunzi wa mitengo, yokhala ndi mazenera a mphepo mbali zonse kuti kachewere asawole. Pachitseko adakhomapo kadiyadu, loko wamkulu. Wodziwa adali mkazi wake yekha, Olinda.

"Bambo a Nélia, Junyu ali pafupi," adatero Olinda tsiku lina akupeta nyemba, kumuitana mwamuna wake ndi dzina la mwana wawo. "Mudanena nokha kuti ziweto zanuzi sizipirira chisanu. M'menemo ndi mozizira ngati m'chitsime. Bwanji osapempha kachipinda ka ufa kwa amayi?"

"Kwa amayi? Ndikati, 'Amayi, ndibwerekeni malo ndiike njoka pafupi ndi pau wanu'? Mawa lake nkhani ili kutchalitchi."

"Nanga si amayi anu? Adzakalipa, akatopa adzaleka."

"Iwe suwadziwa. Ndiziika mabotolo a madzi otentha. Ziyambe zaswa, ndidzanena zinthu zitaoneka."

"Ine ndanena," adatero Olinda. "Koma tsiku limene adzandifunse, musaganize kuti ndidzanama kwa apongozi anga."

Njoka adazibisa, koma chakudya chake sichidabisike, chifukwa mbewa zimanunkha. Hélio ankaweta mbewa zoyera kuseri kwa nyumba m'makola a waya, akuzipatsa gaga ndi zotsala za pau. Ana ankabwera kudzaonerera. Adabweranso a Bartolomeu, atsibweni ake a Hélio, munthu amene pa nkhani ya mbewa sadalipo womuposa m'dera lonselo.

"Mphwanga, mbewa zovala zoyera chonchi zikupita ku ubatizo?"

"N'zoweta chabe, atsibweni."

"Kuweta mbewa! Ife kukumba mpaka msana kuthyoka, iwe kuzipatsa pau. Tandigawira ziwiri ndilawe, ndione ngati za ku Joni zili ndi mafuta kuposa kapuku wathu."

"Pepani, atsibweni, izi zili ndi ntchito yake."

A Bartolomeu adachoka akugwedeza mutu. Kumana mtsibweni mbewa ziwiri, khola lili lodzaza! Adayamba kuyang'anitsitsa, ndipo sipadatenge nthawi adaona kuti mbewa zimalowa m'nyumba ya kachewere zili m'chitini, chitini n'kutuluka chopanda kanthu. Adangouza akazi awo okha. Akazi awo adangouza mnzawo mmodzi yekha wa kudimba. Zotsatira zake mukuzidziwa.

Junyu adafika ndi ukali wake wonse. M'mawa udzu unkayera mbee, masamba a m'madimba n'kuwauka. Mabotolo a Hélio ankazizira kusadache, ndipo mphepo inkalowa pa zenera ili n'kutulukira pa ilo monga momwe malemu adakonzera. Nsato zidasiya kudya. Mbewa inkayenda pamsana pa njoka ngati pamlatho, njoka osaitembenukira n'komwe. Kenaka yaimuna idayamba kupuma mokhuluma, kukamwa kuli yasa, thovu likutuluka.

Hélio adaonda. Masana ankapita kufornu ngati wofuna kuotha, n'kumasisita khoma la kachipinda ka ufa ndi chikhatho. Ankatsekula pakamwa, amayi ake n'kumuyang'ana.

"Ukufuna kunena chiyani, iwe?"

"Ayi, ndimati nkhuni zatsala pang'ono."

"Nkhunizo ndikuziona ndekha. China?"

"Palibe, amayi."

"Ndiye choka pamenepo, ukunditsekera njira."

Adachita zimenezi kangapo, ndipo nthawi zonse ankachoka asadapemphe kachipindako.

Tsiku lina Lamulungu, Misa itatha, mayi wina adakokera amayi Benedita pambali n'kuwanong'oneza zimene mudzi wonse udali utamva kale. Amayi Benedita adalunjika kwawo. Adafika pakhomo asadavule n'komwe chitenje cha kutchalitchi.

"Mtengwa, m'nyumba ya kachewere muli chiyani?"

Olinda adayang'ana pansi. "Mfungulo ili ndi mwana wanu, amayi."

"Sindidafunse za mfungulo."

"Muli njoka, amayi. Ziwiri. Zoweta."

"Hélio! Bwera kuno ndi mfungulo yakoyo, ndisadatenge nkhwangwa!"

Hélio adatsekula chitseko. Atavundukula kaisha loyamba, amayi ake adalumpha chobwerera m'mbuyo, akuchita chizindikiro cha mtanda. Koma padalibe chothawa. Yaimuna ija idali itauma gwa. Hélio adainyamula ndi manja awiri, n'kugwada nayo pansi pomwepo, misozi ikugwera pa mawanga ake achikasu.

Amayi Benedita adali atakonza mawu ambiri panjira yochokera kutchalitchi. Ataona bambo wandevu akulirira njoka ngati akulirira mwana wa ng'ombe, ena mwa mawuwo adawameza.

"Ndiye imeneyi ndiyo ikukulavulira chuma?" adafunsa. "Nanga nsapato zakozo zikuyasamiranji chala chili panja?"

"N'zogulitsa, amayi. Monga nkhuku. Zikaswa, ana ake anthu a m'mizinda amagula."

"Pali anthu ogula njoka?"

"Alipo ambiri."

"Dziko lapita. Imaluma?"

"Ilibe ululu."

"Imadya ufa?"

"Mbewa zokha."

"Nanga iyi yafa ndi chiyani?"

Adayankha ndi Olinda ali pakhomo: "Chisanu, amayi. Zimafuna malo ofunda usana ndi usiku."

"Chisanu!" Amayi Benedita adagwira m'chiuno. "Chisanu, pakhomo pamene moto umayaka tsiku ndi tsiku? Ndiye n'chimene unkasisitira khoma langa ngati ukufunsira mbeta? Mwana iwe! Ndidakusambitsa uli ndi mphere mpaka m'makutu, lero undichitire manyazi pa nkhani ya njoka?"

"Ndinkaopa kuti anthu adzati ndidakhwima."

"Nanga pano akuti chiyani? Akuti ndiwe padiri woimba Misa? Tsekula linalo."

Yaikazi idali yamoyo. Idali itadzikulunga zolimba pakona, mutu osaoneka. Amayi Benedita adaweramira patali, manja atabisa kumbuyo.

"Taonani, yabisa mutu," adatero. "Yatengera mwini wake."

Olinda adaseka mpaka kugwira chitseko. Ngakhale Hélio adamwetulira, misozi isadaume.

Masana omwewo matumba a ufa adasamukira kuchipinda chogona cha amayi Benedita, ndipo kaisha lidakhazikidwa pafupi ndi khoma lofunda lija, Hélio akuyesa ndi dzanja kuti pasatenthe mopitirira. Amayi adapereka malamulo awo: chivundikiro chimangidwe ndi waya, wogwira njoka asagwire pau, ndipo chitseko chikhale chotsekula kwa aliyense wofuna kuona. "Chinthu chikakhala kuseri kwa kadiyadu amachitcha ufiti," adatero. "Chikakhala padzuwa amachitcha uchitsiru. Uchitsiru tingathe kukhala nawo."

Woyamba kubwera adali a Bartolomeu. Adazungulira kaishalo, adatsokomola, kenaka adagwira njokayo ndi nsonga ya chala chimodzi.

"Aa! Kuzizira ngati mapazi a akazi anga m'bulangete. Mphwanga, n'kanthu aka kamene katisowetsa mtendere mudzi wonse?"

Pambuyo pawo padabwera amayi a kutchalitchi, ana a sukulu, ngakhale onyamula katundu panjinga a ku Kalomwe amene adamva mbiri. Ena ankalavula malovu, ena ankajambula ndi foni. Nkhani ya kukhwima idafota yokha, chifukwa palibe amene angaope chinthu chimene adzukulu ake akuchiseka.

Yaikazi ija idachira pang'onopang'ono. Chisanu chitayamba kuchepa, tsiku lina idatulutsa mutu, idanyambita mphepo, n'kugwira mbewa ngati mphezi. Amayi Benedita, amene ankati sizikuwakhudza, ndiwo adalulutira. Koma chaka chimenecho mazira sadaoneke, ndipo sakadaoneka. Hélio adabwerera kumunda wa kachewere ndi nyemba, kuyembekeza zokolola kuti mwina adzapezenso yaimuna ina. Ulimi umene ukadayamba chaka chimenecho udakankhidwira kutsogolo kosadziwika.

Tsiku lina akuwazira amayi ake nkhuni, Hélio adati, "Amayi, ndikadakuuzani poyamba paja, mukadatani?"

"Ndikadakutukwana mpaka dzuwa kulowa," adayankha osatembenuka, akukanda ufa. "Mawa lake ndikadasuntha matumba. Kutukwanidwa sikudaphepo njoka, mwanawe."

Hélio adatsitsa nkhwangwa, n'kuyang'ana khoma la kachipinda kaja. Thandizo lidali pakhomo pomwepo, kuseri kwa khoma limodzi, ndipo mtengo wake udali kutsekula pakamwa basi. Akale sadaname: mbewa ya manyazi idafera kuuna.