Mauthenga Amene Sanatuluke Pachipata

Panali munthu wina, anatero a Kachingwe pa mapemphero a Lachitatu, amene ankayang'anira makompyuta pa chipatala china chakumudzi. Seva yake, makina olandira ndi kutumiza maimelo onse, inali itakalamba, ndipo anabweretsa yatsopano.

Atasamutsira zonse m'makina atsopanowo, anayesa. Anatumiza uthenga kwa dokotala wa m'chipinda choyandikana, ndipo unafika. Mauthenga ochokera kutali nawonso ankalowa bwinobwino. Mtima wake unakhala pansi.

Namwino wosunga mankhwala anamufunsa kuti, "Achimwene, mwayesako kutumiza umodzi kutauni?"

"Ngati akulowa, asisi, ndiye kuti akutulukanso," anayankha motero, nazula chingwe cha seva yakale.

Koma maseva akunja salandira mlendo wosamudziwa. Munthuyo anali asanawadziwitse kuti makina atsopanowa ndiwo akulankhulira chipatala tsopano. Uthenga uliwonse wotuluka unkabwezedwa, ndipo chidziwitso choti wabwezedwa chinkalunjika ku seva yakale ija, yozimitsidwa pakona.

Namwino uja analembera kunkhokwe ya mankhwala kuti insulini yatsala pang'ono kutha. Kompyuta inati uthenga wapita. Iye anadikira. Kunkhokwe kunali zii, iye n'kumati mwina galimoto ili m'njira.

Panali mayi wina wodwala shuga amene moyo wake unkadalira jakisoni ameneyo. Anabwera, anauzidwa kuti insulini yatha, abwerenso. Anabweranso atamukweza panjinga. Ulendo wotsatira kunabwera mwamuna wake yekha, kudzanena za maliro.

Pamenepo munthu uja anayatsa seva yakale. Anapeza mauthenga obwezedwa ali mulu, pakati pake pali wa namwino. Vutolo analikonza dzuwa lisanafike pamutu. Mankhwala anabwera. Iye anathandiza kutsitsa makatoni, koma sanathe kumuyang'ana namwino kumaso.

Kenako a Kachingwe anati: Abale anga, ambiri a ife timati, "Ndinapepesa kale," kapena, "Mwana wanga akudziwa kuti ndimamukonda." Mawuwo tinawayesera m'nyumba mwathu momwe, ndipo anatikomera. Poti ife timamva bwino za ena, tikuganiza kuti nawonso akutimva. Musazule chingwe musanafunse. Nyamukani, mukafike kwa mwini wake, mukamufunse kuti, "Kodi mawu anga anakupezani?" Ambuye atithandize kuti tikamupeze akadali moyo.