Pamene Che Likagwa Adaleka Kuseka

Che Likagwa adafika pakhonde la Shehe Twaibu titangotuluka mu swala, pemphero lathu la masana. Ine ndidalipo, ndikusoka mphasa zamumzikiti, ntchito imene ndidaigwira mpaka maso kufooka popanda wondiuza zikomo kupatula Sheheyo. Atsogoleri a lero, a magalimoto ndi zokuzira mawu, ngakhale manda ake sawadziwa. Nchifukwa chake ndalemba izi, ndisanaiwalike nanenso.

Nkhani ya Che Likagwa aliyense ku Ntaja ankaidziwa. Mayi ake adamwalira iye ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Mng'ono wake, Jafali, adaika maliro tsiku lomwelo monga timachitira Asilamu, ndipo mkuluyo pofika adapeza dothi litauma kale. Kuyambira pamenepo sadamuyankhenso Jafali ngakhale moni. Tsopano Jafali adali gone ndi chifuwa, achipatala atamubweza kunyumba.

"Asalamu aleikumu, Shehe."

"Waleikumu salamu, Che Likagwa. Khalani pamphasa iyi, inayo ikadali m'manja mwa dokotala wake."

Che Likagwa adakhala, chifuwa chili patsogolo. "Shehe, dzulo ndinali ku kanema pamsika."

"Ine chibadwire sindinalowemo. Ndiuzeni, ndionere m'maso mwanu."

"Ndi nkhani ya mnyamata amene achifwamba anapha bambo ake n'kukawakwirira kutchire. Atakula anayamba kuwasaka mmodzimmodzi. Koma kaphedwe kake, Shehe! Wina anamugwetsera m'chimbudzi atavala suti yaukwati. Wina anamutsekera m'galimoto pamodzi ndi njuchi. Anthu anaseka mpaka benchi kuthyoka. Amayi ogulitsa zitumbuwa pakhomo analowa ndi mtanga womwe, akukuwa kuti, 'Mpatse! Mpatsenso!' Ine ndinaseka kuposa onse."

"Ndiye mwabwera kudzafunsa ngati kuseka n'kulakwa?"

"Ayi, ndabwera kuti mundivomereze. Khamu lonse lija silingasangalale ndi chinthu chokhota. Komanso ndinakumvani inu nomwe mukuphunzitsa kuti choipa chikhoza kubwezedwa ndi chofanana nacho. Jafali anandimana dothi la pamanda a mayi. Akafa, inenso ndimumana langa. Sindikamuona, sindikamusambitsa, jeneza la maliro ake sindikanyamula. Kodi si chilungamo chimenecho?"

Shehe adayang'ana pansi. Adali ndi chizolowezi choyang'ana mapazi ake munthu akamayankhula mokweza, ngati wolakwa ndi iye. Chizolowezi chimenecho sindidachionenso mwa munthu wina.

"Kanemayo anatha bwanji?" adafunsa.

"Anatsala mmodzi, yemwe anakumba dzenje lija. Mnyamatayo anamupeza akudya nkhuku. Chifukwa cha mantha munthuyo anatsamwa ndi fupa, n'kufa yekha asanamukhudze. Ndiye mnyamata uja anayamba kuugwedeza mtembo, kuukupiza ndi chipewa, kuupepesa: 'Achimwene, dzukani kaye, mundiuze pamene munaika bambo!' Mtembo uli duu, kukamwa yasa."

"Anthu anaseka?"

"Denga linatsala pang'ono kusasuka."

"Nanga inu?"

Che Likagwa adayamba kuzula mlaza pamphasa imene ndidali nditangoisoka. Tsiku lina ndikadamukalipira.

"Munkatentha muja," adatero. "Ndinatuluka."

Shehe adagwedeza mutu ngati wamva zomveka. "Che Likagwa, mundikhululukire funso ili. Pa zonse za tsiku limene mayi anu anatisiya, chimene mumafuna kudziwa n'chiyani?"

Kuseri kwa mzikiti mayi wina ankapeta mpunga, ndipo tonse tidangomvetsera lichero. Che Likagwa atayankha, mawu ake adali a munthu wina, osati amene adalowa nawo.

"Ngati ananditchula, Shehe. Ndinachoka osatsanzika bwino, ndinkati ndibwera ndi nsalu yawo fodya akagulidwa. Nsaluyo ndikadali nayo. Ndimangofuna kudziwa ngati anafunsa za ine. Basi."

Pamenepo Shehe adasendera pafupi, mawondo awo n'kukhudzana, nati:

"Amene analamula kuti maliro aja asagone ndine, ndipo lero lomwe ndingalamule chimodzimodzi. Ngati mukufuna womumana dothi, manani ine, sindidandaula. Za kubwezera ndinaphunzitsadi, koma ndinapitiriza kunena za mphotho ya wokhululuka. Kapena tsikulonso mumzikiti munkatentha, inu n'kutuluka. Koma mverani izi, mbale wanga. Mayi anu potsirizika ine panalibe, ndipo yankho lanu ndilibe. Panali munthu mmodzi yekha, atawatsamiritsa pachifuwa chake, khutu lili pakamwa pawo. Munthuyo ndi Jafali, ndipo lero akutha kuyankhula. Za mawa akudziwa ndi Allah. Nyamukani mukamufunse akadali wofunda. Mwaona nokha kuti mtembo ukagwedezedwa suyankha, ndipo kwanuko sikudzakhala woseka."