Magazi a Mwana Wopanda Dzina

Kalekale, ngakhale si kale loti anthu ake onse anatha, kuseri kwa phiri lina kunali mayi dzina lake Enelesi. Mayiyu anabereka ana aamuna awiri, ndipo onse anapita mofanana. Kubadwa ankabadwa bwino, kuyamwa bwino, koma ikafika sabata yachitatu ankayamba kusanza, liwombo n'kulowa, mwana n'kufota ngati chigwada chothyola dzulo. Woyamba anali Madalo, wachiwiri Limbikani. Atabadwa wachitatu, wamwamunanso, ndiponso masiku osakwana, a Dafuleni, mwamuna wake wa Enelesi, anati, "Uyu tisafulumire kumutcha dzina. Ndatopa kutchula mayina a anthu amene kulibe."

Khandali linali ndi chinthu chimodzi chodabwitsa. Timawere take ndi kumaliseche kwake kunali kwakuda bii, pamene makolo ake onse anali oyererapo. Alamu ake a Enelesi sanachedwe kupeza tanthauzo. Ankanong'onezana kuti magazi amenewa si a kubanja kwawo, kuti mkaziyu amayenda njira zam'mbali, ndipo ndi tsempho limene likumaliza anawo. Enelesi ankazimva zonsezi, n'kumangozimeza. Pa tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chimodzi mwana anasanza, ndipo mayiyo anam'bereka n'kuthamangira kuchipatala cha mishoni, tsidya lino la mtsinje.

Woyamba mwa anthu atatu a nkhani yathu ndi namwino, mayi Nasibeko. Atam'vundukula mwana n'kuona kuda kuja, anafunsa za abale ake, ndipo atamva kuti anafa bwanji, anakayikira matenda amene anangowaonapo kamodzi ali kusukulu. Jakisoni woti am'tsitsimutse anali kale pathebulo.

"M'bayeni, a nesi, akupita uyu!" analira Enelesi.

"Pirirani pang'ono, mayi," anatero a Nasibeko. "Ndikam'baya ndisanatenge magazi, mankhwalawa abisa chimene chikumudya. Adzadzuka lero, koma sitidzadziwa chomuteteza mawa."

Misempha ya mwana inali itauma. Anasaka kanayi, mayi ake akuyang'ana kumbali, mpaka anapeza timagazi tosadzaza n'kasupuni komwe. Apo m'pamene anabaya jakisoni n'kuika diripi, mwana n'kutsegula maso.

Gawo lina la magaziwo analiyeza pachipatala pomwepo, ndipo linaonetsa kuti homoni ina, mwa timadzi tija thupi limapanga lokha, yachuluka. Adokotala sizinawasunthe. Anati kayezedwe ka pamenepo kamazindikira mahomoni pongowaona nkhope, ndipo mwa ana obadwa masiku osakwana mahomoni ofanana nkhope amakhala ambiri. Anati n'kutsegula m'mimba chabe, Lachisanu mwana atuluke, bedi ikufunika. A Nasibeko anaumirira mpaka analoledwa kutumiza magazi otsalawo kumzinda, kumene kunali makina osayang'ana nkhope. Makinawo amapatula homoni iliyonse payokha, kuiyeza kulemera kwake, kuiswa, n'kuyezanso zidutswa zake.

Wachiwiri ndi a Lufeyo Kampingo, amene ntchito yawo inali yozungulira zipatala panjinga yamoto kutola magazi ndi makhololo oti akayezedwe. Sanafunse kuti magaziwo ndi a yani. A Nasibeko anangoti, "Achimwene, bokosi ili lisatenthe, ndipo lifike." Tsikulo linali Lachiwiri, mvula ya Januwale itagwa masiku atatu. Atafika pamtsinje anapeza mlatho wapita. Anthu anali atakhala m'mbali kudikira kuti madzi aphwe, ndipo anawauza kuti owoloka lero ndi ofuna kufa okha.

A Kampingo anasiya njinga pakhomo pa munthu wosamudziwa, anasenza bokosi, n'kulowa m'madzi ofika m'chifuwa. Pakati pa mtsinje anaterera, nsapato zinapita, bokosi linamwa madzi, koma sanalitaye. Kutsidyako anayenda wapansi, galimoto kulibe, n'kugona pasukulu ina. Kutacha anapeza ayezi wa m'bokosi wasungunuka. Pamsika woyamba anagula mafilizesi onse, tizakumwa tija toundana ngati ayezi, amene mayi wina ankagulitsa, anawapanikiza mozungulira kabotolo kaja, n'kukwera matola. Anafika kumzinda Lachitatu masana, mapazi ali ming'alu yokhayokha.

Wachitatu ndi a Tsalani Mlongoti, woyeza magazi pamakina aja, munthu wosakonda kuyankhula. Atatsegula bokosi anapeza pepala la pakabotolo lanyowa, zolemba zafufutika, kwangotsala "mwana wa E" ndi tsiku. Lamulo la koyezera magazi kumeneko ndi louma: magazi osadziwika mwini wake amatayidwa, chifukwa yankho lopita kwa munthu wolakwika limapha. A Mlongoti anakagwira kabotolo pamwamba pa chotayira zinyalala, kenaka anakabweza. Atamva kwa wanjinga kumene bokosilo lachokera, anaimbira foni a Nasibeko, osawauza zimene akuona, n'kuwafunsa kuti kabotolo kawo kanali kotani. Namwino anatchula mtundu wa chitsekero, ndiponso kapulasitala kamene anakulunga m'khosi mwake poopa kutayika. Zonse zinagwirizana. A Mlongoti anasayina dzina lawo, kuti zikadzavuta mlandu udzakhale wawo.

Koma sanayeze tsiku limenelo. Mwa chizolowezi chawo anayamba ndi madzi oyesera, amene yankho lake limadziwika kale, ndipo makina anaphonya pang'ono. Lachinayi lonse anathera kumasula, kutsuka ndi kuyesanso, foni ikungolira.

"Bambo, mawa akumutulutsa mwanayu!" anatero a Nasibeko ulendo wachitatu.

"Ndamva, mayi. Koma magaziwa ndi oyeza kamodzi kokha. Ndikawathira m'makina onama, ndikutumizirani bodza lokhala ndi chidindo."

Lachisanu m'mawa, Enelesi atamanga kale katundu wake m'chitenje, yankho linafika. Silinali la nkhope zofanana ayi. Tiziwalo tina tokhala pamwamba pa impso za mwanayo tinkalephera kumaliza kupanga mahomoni osunga mchere ndi mphamvu m'thupi, ndipo zosamalizidwazo zinali zitaunjikana m'magazi. Adokotala sanachite makani. Analemba mapiritsi a tsiku ndi tsiku moyo wake wonse, ndipo anaitanitsa a Dafuleni ndi alongo awo n'kuwauza poyera kuti kuda kuja n'chizindikiro cha matendawa, ndiponso kuti mwana amawatenga kwa bambo ndi mayi onse awiri, wina payekha sangamupatse.

Alamu aja anayang'ana pansi. Enelesi anafunsa, "Ndiye kuti Madalo ndi Limbikani sindinawaphe ine?" Atayankhidwa kuti anawapha ndi matenda omwewo, osati iye, analira kulira kumene anakusunga zaka zinayi. Ine wokamba nkhaniyi, pamenepa m'pamene mtima umandiwawa nthawi zonse.

Mwana anadutsa sabata yachitatu, yachinayi, mpaka miyezi itatu, masaya akutuluka. A Dafuleni anati tsopano dzina lipezeke, ndipo ulemu womutcha upite kwa amene anamupulumutsa. Apa m'pamene banja linagawanika.

Enelesi anati ndi a Nasibeko. "Anaona zimene tonse tinaziwerenga molakwa. Akadapanda kutenga magazi aja, wanjinga akadanyamula chiyani?" Koma a Dafuleni anayankha kuti namwinoyo anachedwetsa jakisoni mwana ali kukomoka, ndipo nzeru zake zonse zikadathera tsidya lino la mtsinje. Iwo anati ndi a Kampingo, yekhayo mwa atatuwo amene anaika moyo wake pachiswe, osadziwa n'komwe kuti akufera yani. Malume ake a mwanayo, mlongo wake wa Enelesi, anapukusa mutu. Anati wanjingayo ndi amene ananyowetsa pepala, magazi n'kutsala pang'ono kutayidwa. Iwo anati ndi a Mlongoti, amene anabweza dzanja pachotayira, napirira kukalipiridwa tsiku lathunthu, natulutsa mawu amene adokotala anawamvera ndiponso anatseka pakamwa pa alamu. Enelesi anati inde, koma bamboyo anangotsala maola ochepa kuti achedwe, ndipo mwanayo sanamuonepo ndi maso.

Musandiuze kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndikudziwa, nawonso ankadziwa. Koma dzina limatuluka pakamwa pa munthu mmodzi, ndipo amene watcha mwana amakhala mbale wake mpaka imfa. Tsiku la sikelo linafika, ndipo pakhadi la mwanayo, pamalo olemba dzina, panali padakali poyera.

Tsono inu amene mwamva, weruzani. Ayimirire ndani kumutcha dzina mwana wa Enelesi: amene anatenga magazi asanabaye jakisoni, amene anawaolotsa pamutu, kapena amene anakana kuwataya n'kukananso kuwayeza mothamanga?