Momwe Mavalo Anatsekeredwera Kunja

Kalekale, anthu asanadziwe chovala, machende ankakhala m'kati mwa thupi. Musaseke inu, tamverani. Anali amapasa, Chende wamkulu ndi Chende wamng'ono, ndipo ankagona pafupi ndi Impso m'mimba mwa munthu wina, dzina lake Kamtedza.

Chende wamkulu anali wamatama. Kukacha kudandaula, kukada kudandaula.

"Muno mukutentha! A Matumbo akununkha, a Mtima sasiya ng'oma yawo. Ife osunga mbewu ya ana tizipsa ngati mbatata m'phulusa?"

Chiwindi anati, "Khalani pansi, achimwene. Kunja kulibe fupa lokutchingirani."

"Sungani ndulu yanuyo," anatero Chende.

Anakoka mng'ono wake. Anatsika, anatsika, mpaka anatulukira panja m'kathumba kachikopa. Kamphepo kayaziyazi!

"Eee, moyo ndi uwu!" anatero Chende. Sanamve khomo likutsekeka kumbuyo.

Sipanapite nthawi, Kamtedza anadutsa pa chitedze. Anakanda, anakanda, amapasa analira. Asanapume, tonde anamugunda pomwepo, phi! Amapasa anakuwa mpaka abale awo m'mimba analira nawo. N'chifukwa chake mwamuna akagundidwa pamenepo amagwira pamimba.

Kenako chinabwera chisanu. Chende anakwinyika, anakwera, nagogoda.

"Odi, a Impso! Ndife abale anu, titsekulireni!"

"Pamphasa panu pagona a Matumbo," anayankha Impso. "Onunkha aja."

Chende anachita manyazi, ndipo analira kulira kwenikweni. Anatsika, nachonderera mwini thupi.

"Bambo, tifa. Tifunditseniko."

Kamtedza anasenda khungwa la mombo, nalimenya mpaka linafewa, nawaveka nyandayo. Mutu pamtunda, msana pamtunda, chifuwa pamtunda, koma amapasa ovala! Oyamba kuvala padziko anali iwowo. Ndiye anthu, poopa kutchula dzina lawo pamaso pa apongozi, anangoyamba kuti "mavalo".

Koma nyanda si kwanu. Mpaka lero kukazizira amakwera kukagogoda, khomo lili chitsekere. Wamng'ono amafika pakhomo penipeni. Wamkulu amatsalira m'munsi pang'ono, chifukwa akudziwa amene anatukwana.

Mwamva? Potuluka m'nyumba musamanyoze otsala, poti chitseko amatsekula ndi iwowo.

Yanga nthano yathera pompa. Inu mwafinya miyendo uko, masukani.