Boti M'kati mwa Nkhungu

Kalekale, ngakhale si kale la makolo, bambo wina dzina lake Yotamu ali m'boti pakati pa nyanja anafunsa kuti, "Kodi tili pati?" Mwini boti anangoyang'ana madzi. Nasibeko, mkazi wa Yotamu, anakumbatira khanda lawo la masiku atatu. Ankachokera kuchipatala kubwerera kwawo kuchilumba, koma injini inazima dzulo lake, mwera n'kuwakankhira kutali ndi njira ya maboti. Chakudya chinali chitatha, ndipo kulira kwa mwana kunayamba kuzilala.

Dzuwa lili pamutu, nkhungu zinabuka m'madzi, tizilombo tija timaoneka ngati utsi, n'kukuta boti lonse. M'kati mwa chiutsi chimenecho Yotamu anamva kugunda kwa sitima yaikulu ya katundu. Anakondwa, kenaka mtima unamuima, chifukwa phokosolo linkabwera molunjika pa iwo. Anatola beseni losambitsira mwana n'kuyamba kulimenya ndi sipanala.

Sitimayo inali ndi makina oiwongolera. Ukawapatsa mzere, amagwira okha chiwongolero n'kutsata mzerewo osapatuka. Makinawo sadziwa khanda, sadziwa beseni.

M'mawa wa tsikulo Mayi Kalinde, wachiwiri kwa kaputeni, anaona kuti mafunde akumenya sitima m'nthiti, matumba a simenti n'kumasuntha. Anasintha mzere wa makinawo ndi madigiri anayi okha chakum'mawa. Akanapanda kutero, sitima ikanadutsa kutali, boti losaoneka.

Abiti Jafali, wophika, atangoona nkhungu anasiya nyemba pamoto, n'kuthamangira kutsogolo kwa sitima ndi lichero lonyowa kuti akole nkhunguzo zikhale ndiwo. Kumeneko n'koletsedwa kwa ophika. Ali pakati pokupiza lichero, anamva ngwe! ngwe! ngwe! "Anthu! Kutsogoloku kuli anthu!" anakuwa, uku akuloza ndi lichero.

Pachiwongolero panali Dausi, wongolembedwa kumene ntchito. Lamulo linali lakuti asazimitse makina popanda chilolezo cha kaputeni, ndipo kaputeni anali pansi, kuchipinda cha injini. Dausi sankaona kanthu, tizilombo titamatirira pagalasi. Anakhulupirira mawu a wophika, nadina batani, makina n'kuleka. Anapotoza chiwongolero kumanzere mpaka mapeto, sitima n'kupendama, miphika kugubuduzika m'khitchini.

Yotamu anaona chikhoma chachitsulo chikutuluka m'nkhungu, chikudutsa pafupi moti akanachikhudza ndi nkhafi. Funde linawanyamula, linawatsitsa, boti silinagudubuke. Mwana anadzidzimuka n'kulira mokweza, kulira kwamphamvu kumene bambo ake anali atakusowa.

Anawakweza m'sitima ndi zingwe. Amalinyero anavina, kaputeni analiza lipenga katatu, Nasibeko anamwa phala la nthochi, ndipo madzulo asanafike mwana ankayamwa mpaka kugona.

Mchombo utagwa, tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, Yotamu anaitana Mayi Kalinde, Abiti Jafali ndi Dausi kuchilumba. Mudzi wonse unabwera, amayi akululutira. Iye anaimirira n'kunena kuti, "Mwanayu akanatchedwa dzina ndi azakhali ake, koma iwo avomera kuti amutche ndi amene anamupulumutsa. Mwini ntchitoyo abwere amunyamule."

Anaimirira onse atatu.

"Khalani pansi, anzanga," anatero Mayi Kalinde. "Ndinabweretsa sitima pamene panali boti ndine. Popanda madigiri anga anayi, bwenzi mukupulumutsa ndani?"

"Madigiri anuwo ndi amene akanawapera ngati chimanga!" anayankha Abiti Jafali. "Munkadziwa kuti kuli anthu inu? Munkadandaula simenti. Khutu linamva ndi ili."

"Khutu la ndiwo limenelo, mayi," anaseka Dausi. "Munapita kukasaka nkhungu, osati anthu. Kukuwa sikukhotetsa sitima. Ine ndinaswa lamulo ndikudziwa kuti ntchito ikhoza kundithera pomwepo."

"Iwe mwana iwe, ukanakhota pati ndikanapanda kukulozera? Unali wakhungu ngati makina akowo!"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma Yotamu sanaseke. Akayang'ana Mayi Kalinde ankaona sitima ikudutsa kutali, banja lake likutsala pamadzi tsiku lachitatu. Akayang'ana Abiti Jafali ankamvanso beseni lake likulira popanda wolimva. Dausi yekha ndiye anadziwa chimene akuchita, komabe dzanja lake linadikira khutu la wina. Dzina ndi limodzi, ndipo mwana sangatuluke pakhomo alibe dzina.

Nasibeko waima pakhomopo, mwana ali m'manja, dzuwa likukwera. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, chonde muthandizeni Yotamu: mwanayu amupereke m'manja mwa ndani, amene anasintha mzere, amene anamva beseni, kapena amene anazimitsa makina?